Maso a Othyola Tiyi ndi Njira Zatsopano Zowayezera

 Ulemu wapadera upite kwa agogo amene ayenda mtunda wautali kuchokera ku Thekerani, ku Makwasa, ku Masambanjati, ku Khonjeni ndi ku Bvumbwe, ena a iwo atagwiridwa dzanja ndi adzukulu awo chifukwa njira sakuionanso bwino. Nkhani ya lero ikukhudza iwowo koposa wina aliyense.

Patsiku la chikondwerero ngati lino anthu amayembekezera kumva za magule, za zakudya ndi za mbiri ya makolo, kotero nkhani ya matenda a maso ingaoneke ngati yolowerera mwambo. Komatu chikhalidwe chimapatsirana kudzera m'maso monga momwe chimapatsiranira kudzera m'makutu. Mnyamata amaphunzira tchopa poyang'ana mapazi a amalume ake. Mtsikana amadziwa kaphikidwe ka kalongonda poona mmene agogo ake akutayira madzi ndi kuthira ena mpaka ululu utatha. Woluka dengu, wosema mtondo, woumba mbiya ndi wotunga mikanda amaphunzitsa ndi manja pamaso pa ophunzira, ndipo maso awo akachita mdima luso limayamba kuzilala eni ake adakali moyo. Gule wa tchopa, amene bungwe la UNESCO linamulemba mu 2014 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse a dziko lapansi, amasungidwa m'matupi a okalamba. Kusamala maso a okalambawo ndi mbali imodzi ya kusunga guleyo.

Tiyi ndi maso a womuthyola

Mbiri ya boma la Thyolo siikambika popanda kutchula tiyi. Mbewuyi inayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo inakwera m'mapiri a Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Esiteti ya Satemwa inayambitsidwa ndi Maclean Kay mu 1923, ndipo mayina monga Naming'omba, Makandi, Nchima ndi Conforzi analowa m'kamwa mwa anthu mpaka kusanduka mayina a malo. Ambiri mwa amene anagwetsa nkhalango, kukumba maenje ndi kubzala mbande anali Alhomwe amene anawoloka malire kuchokera ku Mozambique pothawa njala, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, n'kudzapezanso thangata kuno. Zidzukulu zawo ndi zimene lero zimalawirira m'mamawa, dengu kumsana, kulowa m'minda yobiriwira imene alendo amaima pamsewu kuti aijambule.

Woona ali patali amayesa kuti kuthyola tiyi ndi ntchito ya manja ndi msana basi. Wothyola yekha ndiye adziwa mmene ntchitoyi imadalirira maso. Tiyi wabwino amachokera ku masamba awiri anthete ndi kansonga kawo, ndipo wothyola ayenera kuwasiyanitsa ndi masamba okhwima pakati pa zobiriwira zokhazokha, pa mtunda wosaposa kutalika kwa mkono, kambirimbiri pa mphindi iliyonse, kuyambira mame asanakamuke mpaka dzuwa litapendeka. Kenako dengu limakwera pa sikelo, kapitawo amayang'ana ubwino wa tsamba, ndipo makilogalamu olembedwawo ndiwo amasanduka ufa, sopo ndi fizi ya mwana wa kusekondale.

Munthu akadutsa zaka 40, kagalasi kachilengedwe ka m'diso kamayamba kuuma ndipo kamalephera kusintha kuti kaone zapafupi. Izi zimagwera aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, ndipo sizichokera kwa mfiti. Zizindikiro zake n'zodziwika m'nyumba iliyonse: amayi kupempha mwana kuti awalowetsere ulusi pa singano, abambo kutambasula mkono powerenga uthenga wa pa foni. Kwa mlembi wa mu ofesi vutoli limatha tsiku limene wagula magalasi. Kwa wothyola tiyi limabisala m'dengu. Liwiro limatsika, masamba okhwima amachuluka, ndipo iye mwini pamodzi ndi omuyang'anira amangoti ndi ukalamba, mwinanso ulesi.

Kukula kwa vutoli kunayezedwa bwino m'minda ya tiyi ya ku Assam m'dziko la India. Ofufuza anatenga othyola tiyi 751 a zaka 40 kapena kuposerapo amene anali ndi vuto loona zapafupi, nawagawa mwamaere m'magulu awiri. Gulu limodzi linalandira magalasi nthawi yomweyo, lina linadzalandira kafukufuku atatha. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2018 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet Global Health. Zinaonetsa kuti ovala magalasi anapambana anzawo ndi makilogalamu oposa 5 patsiku, kutanthauza kuwonjezera pafupifupi 22 pa 100 iliyonse, ndipo mwa opitirira zaka 50 phindulo linaposa 30 pa 100. Chitsamba cha tiyi cha ku Assam ndi cha ku Thyolo ndi mbewu imodzi, ndipo diso la munthu limakalamba mofanana konsekonse.

Magalasi si achilendo m'dziko lino. Dzina la Mandala, limene lero ndi la dera komanso la nyumba yakale ya mumzinda wa Blantyre yomangidwa mu 1882, linachokera pa magalasi onyezimira a John Moir wa kampani ya African Lakes. Papita zaka zoposa 140 chichitikireni zimenezo, komabe m'midzi yambiri wovala magalasi amaonedwa ngati wodzikuza kapena wofuna kuoneka wophunzira, ndipo pali mphekesera yakuti magalasi amaononga maso. Magalasi oyenera saononga diso. Amangogwira ntchito imene kagalasi ka m'kati kasiya kugwira.

Khungu la thupi ndi khungu la maso

M'Chichewa mawu akuti khungu ali ndi matanthauzo awiri, chikopa cha munthu ndi kusaona. Pali nthenda imodzi imene imakhudza zonse ziwiri, ndipo mapiri a Thyolo amaidziwa bwino. Madokotala amaitcha onchocerciasis. Imafalitsidwa ndi tintchentche takuda timene timaswana m'mitsinje yothamanga, pamene madzi amawinduka pa miyala, monga ilili mitsinje yambiri yotsika m'mapiri ano. Kantchentche kakaluma munthu kamasiya mphutsi zimene zimakula n'kukhala nyongolotsi m'zotupa za pansi pa khungu. Nyongolotsizo zimatha kukhala zaka 10 mpaka 15 zikubereka tiana tosaoneka ndi maso, timene timayendayenda m'khungu n'kuyambitsa kuyabwa kosagonetsa tulo, ndipo tikafika m'diso tingathe kuzimitsa kuona mpaka kalekale.

Dr Gilbert Burnham, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha Malamulo ku Makwasa, anafufuza kufala kwa nthendayi m'mapiri a Thyolo, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1991. Kuno nthendayi inkazunza anthu makamaka ndi kuyabwa ndi kuonongeka kwa khungu, pamene m'zigwa za kumadzulo kwa Africa inachititsa anthu ochuluka kusaona mpaka midzi ina kusamuka m'mbali mwa mitsinje. Mankhwala ake ndi ivermectin, amene kampani ya Merck inalonjeza mu 1987 kuti idzawapereka kwaulere kwa nthawi yonse imene adzafunike. William Campbell ndi Satoshi Ōmura, amene ntchito yawo inabala mankhwalawa, analandira mphoto ya Nobel mu 2015.

Mapiritsi okhawo sakanafika patali. Chimene chinachepetsa nthendayi m'maboma monga Thyolo, Mulanje ndi Mwanza kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ndi chakuti mudzi unkasankha wogawa mankhwala wakewake, munthu wodziwika kwa mfumu ndi kwa banja lililonse. Wogawayo ankanyamula kaundula ndi ndodo yolembedwa zizindikiro. Munthu ankaima pafupi ndi ndodoyo, ndipo kutalika kwake ndiko kunkanena chiwerengero cha mapiritsi oti amwe. Ndodo wamba inagwira ntchito ya sikelo ya kuchipatala, ndipo chaka ndi chaka mankhwala anafika m'midzi ndi m'nyumba za antchito a m'maesiteti.

Momwemonso zinakhalira ndi trachoma, nthenda imene imapinda zikope mpaka nsidze kumakanda diso. Mu September 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatsimikiza kuti Malawi wathetsa trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu, ndipo linali dziko loyamba kum'mwera kwa Africa kutero. Panafunika mankhwala, maopaleshoni a zikope, madzi, zimbudzi ndi chizolowezi chosambitsa ana kumaso, zonse zoyendera m'manja mwa mafumu ndi alangizi a zaumoyo. Dziko lino lili ndi mbiri yonyaditsa pa nkhani ya maso. Malemu Dr Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala dokotala wa maso, anaphunzitsa ku Lilongwe ogwira ntchito za maso ochokera m'mayiko ambiri a chigawo chino. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pamene Dr Susan Lewallen ndi anzake anaonetsa dziko lapansi kuti poyang'ana kumbuyo kwa diso la mwana wokomoka, dokotala angathe kudziwa ngati malungo ndiwo agwira ubongo. Kuyambira 2008 yunivesite ya Mzuzu yakhala ikuphunzitsa akatswiri oyeza maso.

Nthenda yodya kuyambira m'mphepete

Ng'ala, imene imachititsa anthu ambiri kusaona m'dziko lino, ili ndi ubwino umodzi: imaoneka. Mwanadiso amayera, banja limazindikira, ndipo opaleshoni yaifupi yochotsa kagalasi kochita mtambo n'kuikamo kena imabwezera munthu kuona. Agogo ambiri amene anawaperekeza atagwiridwa dzanja ku chipatala cha maso cha Lions ku Blantyre kapena ku Nkhoma anabwerako akuyenda okha.

Nthenda ya glaucoma ili ndi khalidwe lina. M'diso muli timadzi timene timapangidwa ndi kutuluka mosalekeza. Njira yotulukira ikachepa, timadziti timakankha makoma a diso, ndipo mtsempha wonyamula zithunzi kupita ku ubongo, umene uli ndi timinyewa toposa miliyoni imodzi, umayamba kufa pang'onopang'ono. Nthawi zambiri diso silipweteka, silifiira, silitulutsa manthongo. Nthendayi imagwira ntchito ngati chiswe m'nsichi, chimene chimadya m'kati kunja kukuoneka bwinobwino mpaka tsiku limene denga lagwa. Timinyewa tikafa sitiphukanso, n'chifukwa chake glaucoma ndiyo ikutsogolera padziko lonse pa khungu losachiritsika. Anthu a mtundu wa mu Africa imawagwira kawirikawiri ndiponso msanga kuposa azungu, ndipo imayenda m'magazi: amene kholo kapena mbale wake anali nayo ali pa chiopsezo chachikulu.

Pofuna kumvetsa mmene imabera, munthu aganizire za bwalo lino. Woonerera akayang'anitsitsa woimba ng'oma, amaonabe ovina kumanja ndi kumanzere popanda kutembenuza mutu, amaonanso mwana akuthamanga chapansi. Kukula konseko ndilo bwalo la diso. Glaucoma imayamba kudya bwaloli m'mbali ndi m'timagawo tobalalika, ndipo diso linzake pamodzi ndi ubongo zimakwirira mipatayo kotero kuti mwini wake sazindikira. Amangoyamba kupunthwa pa zitsa, kugunda mphuthu za chitseko, kudzidzimuka njinga itamufika kale. Pamene akuti apite kuchipatala, bwalo lonse latsala ngati kuyang'anira pa bango.

Chikwangwani choyezera maso chimene anthu ambiri amachidziwa chinakonzedwa ndi Herman Snellen, dokotala wa ku Utrecht m'dziko la Netherlands, mu 1862. Woyezedwa amaima mamita 6 kuchokera pa chikwangwani n'kumawerenga zilembo zonka zicheperachepera, ndipo wosadziwa kuwerenga amaloza ndi zala kumene miyendo ya chilembo cha E yayang'ana. Chikwangwanichi n'chothandiza ndiponso n'chotchipa, koma chimayeza pakati penipeni pa bwalo la diso, malo amene glaucoma imawasiya mpaka kumapeto. Munthu angathe kuwerenga mzere wapansi n'kuuzidwa kuti maso ake ali bwino, pamene theka la bwalo lake linadyedwa kale.

Kuyeza bwalo lonse kumafuna makina ena, ndipo otchuka kwambiri ndi a Humphrey. Munthu amaika chibwano patsogolo pa chinthu chonga mbale yaikulu yoyera, diso limodzi litatsekedwa, n'kumadina batani akaona kakuwala kakuthwanima. Makinawa ndi olemera ndiponso okwera mtengo, amafuna chipinda chamdima, magetsi okhazikika ndi munthu wophunzitsidwa, kotero amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu. Kuchokera pa boma la Thyolo kukafika ku Limbe ndi makilomita pafupifupi 40, ndipo wochokera ku Thekerani ali ndi ulendo wautali koposa. Kwa munthu amene amalipidwa molingana ndi tsiku limene wagwira ntchito, ulendo wotere ndi ndalama ya minibasi kuphatikizapo malipiro otayika, chifukwa cha diso limene silikupweteka.

Chipinda choyezera chovala kumaso

Apa ndi pamene luso la virtual reality lalowera. Lusoli linatchuka ndi masewera a pa kompyuta. Munthu amavala chida chonga magalasi aakulu otseka maso onse awiri, chomangidwa ndi lamba kumutu, ndipo m'kati mwake muli magalasi oonetsa zithunzi, diso lililonse lakelake. Wovala amaona ngati walowa m'malo ena ngakhale ali pampando womwewo. Akatswiri a maso anazindikira kuti chida chimene chimalamulira chilichonse chimene diso likuona chingathenso kuyeza chimene diso silikuona. Motero zinapangidwa zida monga VisuALL cha kampani ya Olleyes ndi Heru chochokera ku Bascom Palmer Eye Institute mumzinda wa Miami, ndipo zina zofanana nazo zapangidwa m'mayiko ena.

Kayezedwe kake n'kotere. Woyezedwa amavala chidacho n'kugwira kabatani m'manja. Amauzidwa kuyang'anitsitsa kadontho kamene kali pakati. Kenako timagetsi timathwanima apa ndi apo, tina towala kwambiri, tina tofooka, ndipo iye amadina nthawi iliyonse imene waona kuthwanima. Kompyuta ya m'chidamo imafunafuna kuwala kochepetsetsa kumene diso lingaone pa malo alionse, ndipo pomaliza imajambula mapu a bwalo la diso: malo oona bwino amaoneka oyera, malo odyedwa amaoneka akuda. Ntchitoyi imatenga mphindi zochepa pa diso lililonse. Dokotala akayang'ana mapuwo amadziwa ngati kadyedwe kake kakufanana ndi ka glaucoma kapena ka nthenda ina ya mtsempha kapena ya ubongo, ndipo akawafanizira ndi a chaka chatha amaona ngati nthenda ikukula.

Ubwino wa chida chotere kwa anthu a kumidzi ndi woonekeratu. Chimatseka chokha kuwala kwakunja, kotero chipinda chamdima sichifunika, ndipo khonde la sikelo ya ana kapena mthunzi wa pamalo oyezera tiyi ungakwanire. Chimayendera batire ndipo chimalowa m'chikwama chonyamulika panjinga yamoto. Palibe chifukwa chomata diso limodzi, pakuti chidacho chimaonetsa kuwala ku diso limodzi panthawi imodzi. Zina mwa zidazi zili ndi timakamera toyang'anira ngati diso lachoka pa kadontho kapakati, ndiponso mawu ojambulidwa olangiza woyezedwa. Wodwala msana kapena wogona pabedi angathe kuyezedwa mmene alili. Zotsatira zimapita pa foni kapena pa kompyuta, ndipo zingatumizidwe pa intaneti kwa dokotala amene ali kutali. Kafukufuku wa m'mayiko angapo waonetsa kuti mapu ojambulidwa ndi zida zina zoterezi amagwirizana bwino ndi a makina aakulu aja.

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kwa wothyola tiyi wa zaka 45 amene mayi ake anachita khungu popanda ng'ala yooneka, mphindi zochepa atavala chida chotere pa chipatala cha pa esiteti zingathe kuulula chiswe denga lisanagwe.

Zimene chidacho sichingachite

Kalumo kakuthwa kamafuna dzanja lodekha. Chida chovala kumaso chimayeza bwalo la diso, koma sichiyeza mphamvu ya timadzi ta m'diso, ndipo pachokha sichitsimikiza kuti munthu ali ndi glaucoma. Pamafunikabe katswiri woti ayeze mphamvuyo ndi kuunika mtsempha. Kuyezaku kumadaliranso woyezedwa. Munthu wotopa, wamantha kapena wosamvetsa malangizo amadina mwachisawawa, ndipo mapu ake amanama. Kawirikawiri kuyeza koyamba kumayenera kubwerezedwa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Malangizo ojambulidwa m'Chingerezi sangathandize agogo a ku Masambanjati. Ayenera kumveka m'Chichewa kapena m'Chilhomwe, m'mawu a munthu wodziwa kulankhula ndi akulu. Batire imafuna magetsi kapena sola, chida chimafuna kupukutidwa pakati pa munthu ndi munthu kuti chisafalitse matenda a maso, ndipo chikaonongeka pamafunika wochikonza.

Chachikulu koposa n'chakuti kuyeza si kuchiza. Kuuza munthu kuti ali ndi nthenda, kenako n'kumusiya wopanda mankhwala ndi wopanda njira yopitira kwa dokotala, ndi kumusenzetsa nkhawa chabe. Ku Kenya, m'dera la Trans Nzoia, aphunzitsi anayeza maso a ana oposa 20,000 m'sukulu 50. M'sukulu zina anagwiritsa ntchito chikwangwani ndi kalata wamba yotumizira mwana kuchipatala. M'sukulu zina anagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa foni ya Peek, imene inayambitsidwa ndi Dr Andrew Bastawrous, ndipo makolo ankalandira mauthenga owakumbutsa. Mwa ana otumizidwa kuchipatala, amene anafikadi anali 22 pa 100 m'gulu loyamba ndi 54 pa 100 m'gulu lachiwiri. Phindu lalikulu la foniyo linali kulondola mwana mpaka atafika kwa dokotala.

Glaucoma ikapezeka msanga imaletseka. Pali mankhwala odonthezera m'maso tsiku ndi tsiku kwa moyo wonse, pali chithandizo cha kuwala kwa laser, palinso opaleshoni. Ku chipatala cha KCMC ku Moshi m'dziko la Tanzania, kafukufuku wosindikizidwa mu 2021 anapeza kuti patatha chaka, laser inagwira bwino ntchito m'maso pafupifupi 6 mwa 10, pamene mankhwala odonthezera a timolol anagwira m'maso pafupifupi 3 mwa 10. Kwa anthu okhala kutali ndi malo ogulitsira mankhwala, nkhani imeneyi ndi yolimbikitsa. Koma chithandizo chilichonse chimangoteteza kuona kumene kwatsala. Chimene chinapita sichibwerera.

Za makolo zosunga ndi zosiya

Bungwe losunga chikhalidwe lili ndi udindo wonena zoona ngakhale pa zinthu za makolo. Chizolowezi chothira m'maso madzi a masamba, utomoni, phulusa, mkaka wa m'mawere kapena mkodzo chapha maso ambiri. Mbali yoonekera ya kutsogolo kwa diso ndi yanthete kwambiri, ndipo ikapsa kapena kulowa tizilombo imasiya chipsera choyera chosachoka. Kafukufuku amene Paul Courtright ndi anzake anachita m'dziko lino, wosindikizidwa mu 1994, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa odwala atatu a zilonda za mbali imeneyi anali atathiramo mankhwala achikuda asanafike kuchipatala. Ofufuzawo sanayese asing'anga adani. Anakhala nawo pansi, nawaphunzitsa kuzindikira ng'ala ndi matenda oopsa, nawapempha kusiya kuthira mankhwala m'diso ndi kumatumiza odwala kuchipatala. Sing'anga ndi munthu amene mudzi umamukhulupirira, ndipo mawu ake akaloza kuchipatala anthu amapita.

M'chikhalidwe momwemo muli zida zimene chipatala chilibe. Alhomwe amadziwa mbumba yawo: mwini mbumba amadziwa amene anabadwa kwa yani, amadziwanso agogo amene anamwalira osaona. Popeza glaucoma imayenda m'magazi, chidziwitso chimenechi ndi kaundula wokonzeka kale wa anthu oyenera kuyezedwa poyamba. Mfumu ikaitana anthu pabwalo amabwera. Anamkungwi, atsogoleri a magule ndi a mipingo amafika kumene chikwangwani cha boma sichifika.

Lipoti la WHO la 2019 linati anthu osachepera 2.2 biliyoni padziko lapansi ali ndi vuto la kuona, ndipo mwa iwo osachepera 1 biliyoni vuto lawo likanapewedwa kapena silinathandizidwebe. Ena a iwo ali pabwalo pano. Chotero pali zopempha zingapo.

Mafumu akupemphedwa kulengeza m'midzi yawo kuti aliyense wopitirira zaka 40 akayezetse maso ngakhale sakupweteka, makamaka amene m'banja mwawo munali wosaona, ndiponso odwala shuga, pakuti shuga nayenso amaononga kumbuyo kwa diso mwakachetechete. Eni maesiteti akupemphedwa kuika kuyeza maso ndi magalasi oonera pafupi pa ndondomeko ya zipatala zawo mvula yoyamba isanagwe, pamene tiyi amaphukira kwambiri. Zimene zinapezeka ku Assam zikuonetsa kuti phindu lake limagwera wantchito ndi bwana yemwe. Akupemphedwanso kutsimikizira antchito kuti wopezeka ndi vuto la maso adzathandizidwa ndipo sadzachotsedwa ntchito, chifukwa popanda lonjezo limeneli anthu adzathawa kuyezedwa. Achipatala ndi mabungwe amene angabweretse zida zatsopano akupemphedwa kubwera ndi njira yonse, kuyambira pa kuyeza mpaka pa mankhwala, ndi kuphunzitsa ana a m'dera lino kugwiritsa ntchito zidazo. Achinyamata, amene foni ndi kompyuta sizimawaopsa, akupemphedwa kukhala pambali pa agogo awo powafotokozera kuti chida chovala kumaso sichiwawa ndipo sichitenga kanthu m'thupi mwawo.

Bungwe lino nalonso lingathe kuchitapo kanthu. Tsiku loganizira za maso padziko lonse limakhala Lachinayi lachiwiri la mwezi wa October chaka chilichonse. Pa mwambo wosonkhanitsa anthu ochuluka chotere, msasa umodzi woyezera maso pambali pa misasa ya zakudya ndi zosemasema ungathe kufikira okalamba ambiri pa tsiku limodzi kuposa amene angapite okha kuchipatala pa miyezi ingapo. Safunsa anadya phula: amene maso ake ayamba kumukayikitsa afunse kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake sabata ikubwerayi.

 Ng'oma zipitirire.